Kompyuta ya Apongozi

Inu, tamverani za mnansi wathu wogulitsa nsapato, amene tonse timamutcha Madziwazonse. Dzinali sitinachite kumuseka nalo ayi, analiyenera yekha. Wailesi ikafa, iye; wotchi ikaima, iye; ngakhale mwana akadwala mano amafuna kuyang'anamo kaye.

Koma panali munthu mmodzi amene sankamuwerengera: apongozi ake aamuna, mphunzitsi wopuma. Mkuluyu akamuona ankangoti, "Nsapato zikuyenda, mkamwini?" basi nkhani yathera pomwepo.

Tsiku lina Madziwazonse atapita kwa mkuluyu ndi mkazi wake, anapeza apongozi akulimbana ndi kompyuta yawo, chimkhalakale cholira ngati chigayo. Mmenemo ndi momwe munali zithunzi zonse za malemu akazi awo. Madziwazonse mtima unangoti, mwayi wanga ndi uwu!

"Bambo, vuto ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawa, yakalamba. Ndikuikirani yatsopano, muona liwiro lake."

"Inu, musaikhudze," mkazi wake anamunong'oneza.

"Iwe umadziwa chiyani?"

Apongozi atapita kukameta, mwamuna uja anakopera zithunzi zija pa fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pa kompyuta, nkuyamba ntchito. Kompyuta inamuchenjeza mwaulemu ndithu kuti pulogalamuyi si ya makina a msinkhu wake. Iye anaseka. Anapeza pa foni njira yozembera chenjezolo, nafufuta zakale zonse kuti psiti! Paja amati safunsa anadya phula, koma uyu anachita kuuzidwa, nkudyabe.

Atamaliza anadina batani. Kadontho kanazungulira, kanazungulira, sikirini nkuti bii! Kompyuta inazima, inayakanso yokha, kadontho kaja kanabwerera, bii! Ngati munthu wodzuka, kuyang'ana kunja, nkufundanso bulangete.

Anazula mawaya nkubwezera. Anauzira fumbi mpaka kuyetsemula. Anadina mabatani onse a mzere wapamwamba ngati woimba limba, ndipo panatuluka tsamba labuluu lodzaza mawu amene ngakhale mwini wake wa Chingerezi angapemphe womasulira. Anasintha apa, anasintha apo. Zotsatira zake? Kompyuta inayamba kulira tii! tii! ngati galimoto yobwerera m'mbuyo.

"Ikuti chiyani?" anafunsa mkazi wake ali pakhomo.

"Ikuzolowera."

"Nanga thukutalo?"

"Tandipatseni madzi, mayi, musandifunse ngati wapolisi."

Apa nkuti "iwe" uja atasanduka "mayi".

Posakhalitsa apongozi anatulukira, mutu uli phuliphuli. Anakoka mpando, nakhala pambali pake penipeni, manja atapinda. Inu, kulibe chinthu cholemera ngati chete wa mphunzitsi! Madziwazonse ankamva ngati wabwerera m'kalasi wopanda homuweki.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo," anatero.

"Nkhono ndilibe nayo ntchito. Ndikufuna kuona maso a akazi anga."

Mwamuna uja anasanthula pa foni mpaka anapeza munthu wina wakutali amene anavutikapo chimodzimodzi. Malangizo ake anali akuti: zula mausi, zula kiyibodi, lowa patsamba labuluu lija uzimitse kanthu kena koteteza, ndipo poyatsa fulashi ikhale ili momwemo. Anatsatira, ngakhale anavutika kumvetsa kuti alowa bwanji patsambalo kiyibodi atazula. Anabwezera kiyibodi. Anapemphera chamumtima, munthu woti kutchalitchi amangopitako pa maukwati.

Kadontho kanazungulira, kanazungulira... mwadzidzidzi sikirini ngwee! Yayaka!

Mawu munalibe, intaneti inakana, zilembo zinali zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani, koma yayaka. Anatsegula zithunzi, ndipo malemu aja anaoneka akumwetulira, nkhope itatambasuka pang'ono m'mbali. Apongozi anayang'ana nthawi yaitali, napukuta magalasi.

"Mkamwini," anatero pomaliza, "ndinkakuderani. Kodi mumatha chonchi?"

Madziwazonse chifuwa chinakula. Anayang'ana mkazi wake kuti amve bwinobwino.

"Zazing'ono izi, bambo."

"Zazing'ono eti? Ndasangalala kumva. Ndiye poti luso lanu ndaliona, tandibwezerani mmene zinalili poyamba. Izi sindikuzidziwa, komanso akazi anga sanali onenepa chonchi."

Mkazi wake anatola chikwama chake mwakachetechete. "Bambo, ine ndatsogola. Awa muwapatse bulangete."