Galimoto ya a Twaha Yopanda Bowo

A Twaha Karimu anamwalira Lachiwiri pa 13 Novembala 1990 kunyumba kwawo kuseri kwa msika wa Katete, ali ndi zaka 67. Anabadwira kutsidya ku Malawi, nabwera kuno kudzasoka zovala pakhonde la sitolo. Koma owadziwa amawakumbukira ndi chinthu china: pa zaka zonse zimene ananyamula anthu pakati pa Katete ndi Sinda m'galimoto yawo yoyera, sanalole munthu kuiboola ngakhale kabowo kamodzi.

Sikuti ankadana ndi zokongoletsa. Galimotoyo inali ndi magalasi anayi oonera kumbuyo, mlongoti wa wailesi wautali ngati nsungwi, timizere tonyezimira m'mbali, ndi kambalame kachitsulo pamphuno. Zonsezi anazimata ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri, imene mlamu wawo ankawatumizira kuchokera ku Kitwe.

"A Twaha, mabawuti awiri basi, ntchito yatha," ankatero Evaristo, makanika wa pamsika.

"Bawuti amabwera ndi bowo, bowo ndi madzi, madzi ndi dzimbiri. Iwe, mwana wako ungamuboole mphumi kuti chipewa chisagwe?"

"Koma motoka si mwana, mdala."

"Yako si mwana. N'chifukwa chake imagona pa njerwa."

Vuto linali dzuwa la Okutobala. Tepi ikatentha inkalefuka, ndipo galimoto inkayoyola katundu wake m'njira ngati nkhuku yothothoka nthenga. Anthu a m'mbali mwa msewu anazolowera. Amayi ochokera kudimba ankaimitsa a Twaha n'kuwapatsa galasi atalikulunga m'chitenje. Kambalame kaja kanagwa kanayi, ndipo ulendo wina kanakapezeka ku Vubwi, katamangidwa panjinga ya munthu wogula fodya.

A Twaha sankaimba mlandu tepi. Ankati wolakwa ndi fumbi. Asanamate chinthu ankatsuka malowo ndi sopo, kuumitsa, kenaka kupukuta ndi sipiliti kufikira chala chikulira pachitsulo. Akamata ankakanikiza ndi chikhatho nthawi yaitali, okwera akuyenderera thukuta m'kati.

Mu 1986 sipiliti inasowa m'masitolo, monga zinasowera zinthu zambiri chaka chimenecho. Anayesa palafini, koma galasi linagwa asanatuluke m'tauni. Anayesa kachasu wa mutu, woyamba kudontha uja, galasi linagwira. Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse dzuwa lili pamutu, Msilamu wosaphonya mapemphero a swala ankaimika galimoto pakhomo pa mai Selina otcheza kachasu, n'kutuluka ndi botolo.

Nkhaniyo inafika kumzikiti. A Abudala, mkulu wofatsa wa pamzikitipo amene anakula nawo limodzi ku Malawi, anawayendera kunyumba.

"Achimwene, anthu akulankhula. Galimoto yanu ikununkha mowa."

"Imamwa ndi iyo, osati ine."

"Ine ndikukukhulupirirani. Koma booletsani, mumange ndi mabawuti, botolo lileke kuoneka. Dzina lanu likuonongeka."

"Ndiboole galimoto yosalakwa chifukwa cha pakamwa pa anthu?"

Anakana. Mabanja amene ankawapempha kunyamula akwati analeka kubwera. Lachisanu kumzikiti anayamba kukhala mzere wakumbuyo, pafupi ndi nsapato, popanda wowauza kutero. Ife amene tinkakhala pabenchi ya kwa Evaristo tinkadziwa zoona zake. Tinkawaona akunyowetsa kansalu komanga kunsonga kwa kamtengo, kuti kachasuyo asawakhudze ngakhale chala. Sitinapite kukanena kwa aliyense, pakuti nthabwalayo inkatikomera. Galasi likagwa tinkafuula kuti, "Laledzera!" Poyamba ankaseka nafe. Pambuyo pake ankangotola galasi lawo, kulipukuta pamalaya, n'kupita osatiyang'ana.

Tsiku la maliro mai Selina anafika osaitanidwa, naima kunja kwa mpanda. Analankhula mokweza kuti amuna onse amve.

"Zaka zinayi bambo awa akugula kwa ine, pakamwa pawo sipanafike dontho. Botolo ndinkatseka ndekha, kulikulunga m'pepala, chifukwa ankakana kulikhudza ndi dzanja. Inu a pabenchi munkadziwa. Munali kuti?"

Evaristo anaweramitsa mutu, ndipo a Abudala anatiyang'ana mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, kufikira tinayamba kufunafuna pobisa nkhope.

Kuchokera tsiku limenelo pabenchi sitikhalitsa. Galimoto ikadutsa timangoiona, palibenso choyembekeza kuti chigwe, ndipo nkhani zimatha msanga. Yoyerayo ili pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa mai Maimuna, mkazi wawo wamasiye. Ofuna kugula abwera atatu. Aliyense mai Maimuna anamufunsa funso limodzi, kuti galasi likagwa adzalimanga ndi chiyani, ndipo onse atatu atatchula mabawuti anabwezedwa. Zokongoletsa zikugwa chimodzichimodzi, mai Maimuna n'kumaziika m'katoni, poti wozimata palibe.

Kupepesa sitinapepese, ndipo woti timupepese kulibe. Galimotoyo sinagulitsidwe mpaka lero, ndipo ilibe bowo.