Ali ku Kawama

Tsiku lomaliza limene ndinawaona ali bwino alongo anga a Yotamu, anali kupukuta galasi la galimoto yawo ndi nyuzipepala, pabwalo la nyumba yawo ku Chifubu, mu mzinda wa Ndola. Atamaliza anandiponyera makiyi. Sindinawawakhe, anagwera m'maluwa.

"Ndi yako tsopano, Esinati," anatero. "Wavutika nawo mokwanira maminibasi. Koma usakapatse ejenti woyendetsa mapepala ngakhale ngwee imodzi. Lolemba tipita tonse, ndikasaina ndekha, dzina lisintha motchipa."

Lolemba limenelo ndi limene tinawaika, kumanda a ku Kawama.

Galimoto ndinapita nayo kwathu ku Bulangililo, ku Kitwe. Alamu anga, akazi awo, anandipatsa kathumba: munali waiti buku, pepala lija lonena mwini wa galimoto, munali chitupa cha alongo anga, munalinso foni yawo, chifukwa alamuwo sankapirira kuimva ikulira. Panapita miyezi ndisanakhudze kathumbako. Koma apolisi a pamsewu sankaleka kundifunsa kuti galimoto ndi ya ndani, ndiye m'mawa wina ndinapempha tchuthi kusukulu kumene ndimaphunzitsa, n'kulunjika ku Ndola, ku ofesi ya za magalimoto, kukasinthitsa dzina. Maejenti a pachipata ndinawadutsa ngati sindikumva Chibemba. Ndinali kusunga mawu a alongo anga.

Pawindo panali bambo wachikulire, wa magalasi a chingwe. Ataona dzina lathu la Phiri pa mapepala anasiya Chibemba.

"Akwathu! Ine ndine Tembo, wa ku Katete, kum'mawa. Mwagula kapena mwapatsidwa?"

"Ndapatsidwa. Ndi alongo anga."

"Ndiye nkhani yaing'ono. Abwere asaine, mulipire za boma zokha, basi. Ali kuti?"

Apa mundimvetse. Mawu onena za imfa yawo ndinali ndisanawatchulepo ndi pakamwa panga. Pa maliro mafoni ankaimba ndi ena. Kusukulu uthenga unafika ine ndisanafike. Ndiye ndiyambire pamenepo, pa kabowo ka galasi, kumbuyo kwanga kuli mzere wa anthu akumvetsera? Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi:

"Ali ku Kawama."

Bodza silinali bodza. Ine ndimaphunzitsa ana kusiyanitsa nthawi yakale ndi yatsopano, koma tsiku limenelo ndinalephera mayeso anga omwe.

"Kawama pompano apa? Aimbireni foni!"

"Foni yawo ili ndi ine."

"Akudwala kodi?"

"Ayi, sakudwalanso."

"Tithokoze Mulungu. Ali kuntchito?"

"Anapuma."

"Aa, mwayi wawo! Ine ndatsala pang'ono. Nanga pepalali likuti Chifubu, anasamuka?"

"Anasamuka."

"Nyumba ya lendi?"

"Malo tinagula."

"Nzeru zimenezo! Lendi ndi ukapolo, amayi. Munthu azigona pake."

Ndinavomera ndi mutu. Mukanatani inu? Funso lililonse ndinkati lotsatiralo ndinena, koma yankho loona linkapezeka liripo kale, laulemu, losafuna misozi. Ndinayesa kubweza mapepala anga kuti ndithawe, a Tembo n'kuwapanikiza ndi dzanja.

"Musawononge petulo kubwerera ku Kitwe chimanjamanja. Ine ndimakhala ku Kawama komweko. Ndiweruka madzulo, seventini awazi, mundipatse lifiti, ndikawaone ndi maso anga akusaina, mawa zonse zatheka. Akum'mawa tizithandizana."

Ndinati zikomo. Zikomo, abale!

Masana onse ndinakhala pabenchi, nthawi yokwanira kukonza chiganizo chachifupi chimodzi. Ndinachikonza m'Chinyanja, m'Chibemba ndi m'Chingerezi. Kawiri ndinanyamuka kupita pawindo. Ulendo woyamba ndinafunsa kumene kuli chimbudzi. Wachiwiri a Tembo anandipatsa chinangwa chootcha, ndipo munthu sunganene zotere uli ndi chinangwa cha mwini wake m'manja.

Ataweruka anakwera kutsogolo, fayilo pamiyendo, cholembera chili kale m'dzanja.

"Koma alongo anu ndi munthu," anatero akusisita mpando. "Anga anandipatsa njinga yopanda tcheni, mpaka lero amaikumba pa misonkhano ya banja. Kodi amamwa tiyi madzulo? Sindifuna kuwavutitsa."

"Simuwavutitsa."

"Amakhala mbali iti? Mwina ndimawadziwa."

"Kumapeto."

"Kumene kuja kuli zii? Kwabwino kumene kuja. Kwathu kuno mabawa satigonetsa."

Tinadutsa msika, tinadutsa ana akusewera mpira m'fumbi, a Tembo akuloza kanjira ka kwawo kuti pobwerera ndidzawatsitse pamenepo. Nyumba zinayamba kuchepa. Nawonso mawu awo anayamba kuchepa. Nditaima pachipata cha manda n'kuzimitsa injini, m'galimoto munangomveka kulira kwa chitsulo chikuzizira.

A Tembo anayang'ana mitanda, anayang'ana fayilo, kenako anabweza cholembera m'thumba la malaya pang'onopang'ono, ngati chingaphulike.

"Anamwalira," ndinatero.

"Ndaona, amayi."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo akanakhoza. Koma anavula chipewa n'kutsegula chitseko. "Tafika kale. Tiyeni tikawapatse moni."

Tinayenda pakati pa mitumbira, ine patsogolo, iwo pambuyo fayilo ili m'khwapa. Nkhata za maluwa zinali zitauma. A Tembo anaima kumiyendo kwa manda, anatsokomola monga amachitira pawindo, n'kunena mwaulemu wonse:

"A Phiri, pepani. Ndabwera ndi fomu yolakwika."

Ndinaseka. Sindinafune, koma zinatuluka zokha, mpaka ndinakhala pansi pa dothi lofiira ndi siketi yanga ya kusukulu. Amayi ena amene ankapalira manda apafupi anaimirira kundiyang'ana, mmodzi n'kupukusa mutu. A Tembo anaima chiimire, akuyang'ana kumwamba, kudikira kuti ndimalize kuseka ndi zimene zinabwera pambuyo pake.

Pobwerera anandifotokozera modekha kuti njira yotchipa ija inapita ndi mwini wake. Tsopano pankafunika chikalata cha imfa, pepala la kukhoti losankha woyang'anira chuma cha masiye, ndi alamu anga kudzasaina. Maulendo a ku Ndola anachuluka, ndipo petulo amene ndinawotcha akanakwana kulipira ejenti n'kutsalako. Potsika pa kanjira ka kwawo anaweramira pawindo.

"Tsiku lina mukadzati munthu ali ku Kawama, muzinena mbali yake."

Ndinalumbira, ndipo ndikusunga. Masiku ano pawindo lililonse, kaya kubanki kaya kolipirira madzi, ndimayamba ndi kunena amene ali moyo ndi amene kulibe, asanandifunse n'komwe. Mtsikana wina wogulitsa mayunitsi a magetsi anachita kundipepesa.

Waiti buku yatsopano inatuluka, ili ndi dzina langa. Mpando wa dalaivala sindinausendeze kutsogolo. Ndimayendetsa nditaika pilo kumsana.