Fombe ndi Chipinda Chodyera cha M'phiri

Mwambi uwu udabadwira m'phiri lomwe lino, ndipo udayamba motere. Koma poyamba zimitsa injini iwe Lekeleni, nkhungu siithawa hutala. Ine msewu uno ndauyenda inu musanamere mano. Khalani pansi anyamata inu, tiidikire ipite yokha.

Kudali dalaivala wina dzina lake Jofilisi Fombe, wa ku Chikwawa, kumene dzuwa limawotcha mpaka chiwongolero osagwirika. Ntchito yake idali yonyamula alendo odzaona mapiri. Ankawaona akukhoma matenti, akumwa tiyi pamwamba pa mitambo, ndipo zidamulowa mumtima. Atangokwatira Esinati, mwana wa kuchigwa amene chibadwire adali asanavalepo juzi, adamuuza kuti:

"Akazanga, anzanu amangoiona mitambo chapansipansi. Inu mukaigwira ndi manja."

Adabwereka galimoto, natenga tenti yakale, mabulangete awiri, ketulo ndi bokosi la machesi. M'bokosimo mudali timitengo titatu tokha. Titatu, ndikukuuzani!

Adakwera masana, giya yoyamba, msewu ukungokhotakhota. Atadutsa mitengo ya paini, nkhungu idayamba kuwoloka msewu mwapang'onopang'ono ngati ng'ombe zoyera zobwerera kukhola. Mitengo inkaoneka, n'kusowa, n'kuonekanso patsogolo ngati yasamuka. Phokoso la injini lidamveka ngati likuchokera kutali. Esinati adatulutsa dzanja pawindo, nalibweza lili ndi timadontho.

"Abambo, kodi tikadali moyo?"

"Tili moyo, mayi. Tangolowa kumwamba osafa."

Adaseka onse awiri, ndipo kunena zoona pamenepo padakoma. Ngakhale ine ndikakumbuka ulendo wanga woyamba, mtima umachita kufewa.

Pamene msewu udathera, Fombe adaimika galimoto, naika mwala kutayala. Nkhungu idayamba yapatuka, dzuwa lofooka n'kusuzumira. Adayala tenti ija pa udzu. Asanakhome ndi chikhomo chimodzi chomwe, mphepo idainyamula, ii, n'kupita nayo kuphompho ikukupiza ngati khwangwala. Adangoiperekeza ndi maso.

Tsopano kuzizira kudamugwira Esinati. Milomo idachita mbuu, mano akuwombana.

"Abambo, moto. Chonde, moto."

Mwamwayi padatulukira bambo wina wocheka matabwa, a Namakhwa, atasenza thabwa lalitali pamutu. Adawalozera mapanga awiri amene adali pafupi. Lina lidali chakumunsi, lobisika ku mphepo koma lamdima. Linalo lidali chakumtunda, loyang'ana chigwa chonse. Kuchokera pa lina kufika pa linzake adali mapazi makumi awiri basi.

"Sankhani limodzi, achimwene, mulowe nonse ndi katundu wanu, mukolezeretu moto. Chiperoni chili m'njira. Kuno nkhungu ikatseka, munthu amakhala pamene ali."

"Limodzi?" adatero Fombe. "Bambo, ine ndayenda ndi alendo. Iwo chipinda chodyera chimakhala china, chogona china. Akazanga sangagone mukhitchini ngati mphaka."

A Namakhwa adamuyang'ana, nayang'ana kumwamba, n'kutsetsereka ndi thabwa lawo.

Basi Fombe adakhazika Esinati m'phanga lakumtunda ndi mabulangete, kuti aziona mitambo. Nkhuni zimene adatola ndi ketulo adakaziika m'phanga lakumunsi. Machesi adaika m'thumba la malaya, pamtima.

Atagwada kuti ayatse, adamva mawu: "Abambo, ndikuzizidwa!"

Adaganiza, moto ukayaka kuno, amene akuzizidwa ali uko, phindu lake n'chiyani? Adakumbatira nkhuni, ulendo wakumtunda. Ali pakati adaima. Kumtunda kuli mphepo, machesi atatu angazime onse. Adabwerera, nakatula nkhuni. Kenaka adati, ayi, ndikatenge mkazi. Adakwera.

"Tiyeni kumunsi, mayi."

Esinati adadzuka msangamsanga. Koma Fombe atacheuka adaona nyanja ya mitambo itayala pansi pawo, nsonga za mapiri zikuyandama ngati zilumba. Mtima udamuwawa.

"Ayi, khalani. Zonsezi tizisiye, tikakhale mumdima? Ndikubweretserani moto konkuno."

"Abambo, kulikonse. Bola moto."

Adatsikanso. Ee, iwe Lekeleni ukuseka, koma dzana udaima ola lathunthu pamphambano ukusankha njira yachidule!

Paulendo wachinayi, atasenza nkhuni, chiperoni chidafika. Inu mukuchidziwa chiperoni. Sichimenya ngati mvula ya kwathu, chimangokunyambita mwaulemu mpaka kukufika m'mafupa. Nkhungu idatseka kuti phaa. Fombe adatambasula dzanja, zala osazionanso.

"Esinati!"

"Kuno, abambo!"

Mawuwo adagunda thanthwe n'kubwerera. Adamveka kumanja, namvekanso kumanzere. Adathamangira kumanja, nkhuni zidagwa. Adathamangira kumanzere, nsapato idatsalira m'matope. Akati apite kumtunda, mtima unkati kumunsi n'kofupika. Akati atsike, mtima unkati mkazi ali kumtunda. Pomaliza adakhala pamwala, nati adikire pang'ono aone phanga limene liyambe kuoneka.

Pamwalapo padali bata lodabwitsa. Kulibe kumwamba, kulibe pansi, koyera kokhakokha. Adamva ngati mwalawo ukuyenda naye pang'onopang'ono, ngati bwato. M'maganizo mwake adaona moto ukuyaka m'mapanga onse awiri, ketulo ikuwira uku, Esinati akumwetulira uko, iye akuyenda pakati ngati bwana wa hotela. Ankamwetulira yekha, madzi akutsika m'khosi.

Dzuwa litapendeka nkhungu idayamba kung'ambika. A Namakhwa, pobwerera kukatenga thabwa lina, adamupeza ali chikhalire, atanyowa ngati nkhuku yogwera m'chitsime. Phanga lakumtunda lidali mapazi khumi kumanja kwake, lakumunsi mapazi khumi kumanzere. Mapanga onse awiri adali ouma bwinobwino.

Fombe adadzambatuka, nathamangira kwa mkazi wake. Adamupeza atadzipinda pakona, akunjenjemera, misozi ili m'masaya. Adapisa m'thumba mwachangu. Bokosi lidatuluka lili phala. Adakhwatcha kamtengo koyamba, mutu udanyenyeka. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu adangokayang'ana, osayerekezanso.

Esinati sadakalipe ayi. Kukalipa kukadakhala bwino. Adangonena motsitsa:

"Mitambo ndaiona, abambo, ndi yokongola. Koma ine ndidapempha chinthu chimodzi chokha."

Fombe adachita manyazi mpaka kulakalaka nkhungu ibwerenso imubise.

A Namakhwa adavula jekete lawo, namufunditsa mayiyo, nawatsogolera onse awiri ku msasa wa ocheka matabwa. Kadali kachisakasa kamodzi, kodzaza utsi, amuna asanu ndi macheka awo, kuphika momwemo, kugona momwemo. Esinati adakhala pafupi ndi moto nawotha mpaka milomo idabwerera mwakale. Fombe adakhala kukhomo akukamula malaya.

Mmodzi wa ochekawo adafunsa, "Kodi mkuluyu chiperoni chamupeza poyera? Suja pali mapanga pamtunda apo?"

A Namakhwa adasonkhezera chikuni, napukusa mutu.

"Mapangawo ndiye amupweteka. Likadakhala limodzi, bwenzi ali wouma. Mapanga awiri avumbwitsa."