Tsiku limene ndinaveka Lilongwe chipewa

Pali nyumba ina ku Area 47 kumene galimoto yanga ikangolira pageti, kompyuta amaifunditsa chitenje. Nyumbayo ndi ya apongozi anga, ndipo sindingawadandaule.

Apongozi aamunawo timawatchula Adada, poti kwawo ndi ku Rumphi. Anagwira ntchito m'boma moyo wawo wonse, ndipo ali m'gulu la anthu amene anasamuka ndi likulu kuchoka ku Zomba, City Centre ikadali thengo ndi fumbi. Atapuma pantchito anayamba kulemba mbiri ya msamukowo m'Chichewa, kutayipa ndi zala ziwiri. Panapita zaka zinayi, masamba n'kupitirira zana. Anzawo amene anasamuka nawo anali atapangana zodzakumana Lamlungu lina akaweruka kutchalitchi, kuti Adada awawerengere mutu woyamba ndi kuwagawira makope.

Loweruka lake masana ndinapita kukawaona.

"Bambo a Tadala," anatero Adada pondiitana ndi dzina la mwana wanga, "makinawa akunditulutsira kauthenga tsiku ndi tsiku. Akufunanji?"

Kauthengako kankapempha kuti pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ichoke, ilowe yatsopano. (Ine ntchito yanga ndi yolandira makalata pa ofesi ina ku City Centre. Koma mkamwini akakhala pamaso pa apongozi amasanduka injiniya.) Ndinavomera m'malo mwawo. Amama, apongozi aakazi, anafunsa ali pakhomo ngati ndakopera bukulo pafulashi. Ndinayankha kuti makina amasiku ano sataya kanthu.

Patatha maola awiri kompyuta inadzuka ndi nkhope yachilendo. Chithunzi cha ukwati wawo chinali chitachoka pasikirini, pabwera phiri la dziko la eni. Bukulo linalipo, koma litadwala. Adada ndi aja amene salemba Malaŵi popanda kachipewa pamwamba pa w, ndipo paliponse pamene panali chilembo chachipewacho panali kabokosi. Dziko lathu linali Mala, kabokosi, i.

"Mwalitani dziko?" anafunsa.

"Likubwerera, Adada."

Ndinaganiza kuti vuto ndi kiyibodi, ndiye ndinalowa kosinthira zilankhulo. Sindikudziwa chimene ndinadina. Kompyuta yonse inayamba kulankhula chilankhulo cha zilembo zonga mbedza, cholembedwa kuchokera kumanja. Ndinakhala mphindi makumi anayi ndikudina mabatani mongopenekera, Adada ataima kumbuyo kwanga, manja kumsana, monga ankaimira kumbuyo kwa makalaliki awo. Ankangopuma mokweza.

Chizungu chitabwerera, ndinasintha kaonekedwe ka zilembo, timabokosi tonse n'kusanduka zipewa. Ndinabwezeranso chithunzi cha ukwati. Amama anabweretsa tiyi ndi mandasi. Munthu wanzeru akanamwa tiyiyo n'kutsazika.

Koma Adada anadandaula kuti m'mitu yoyambirira muli mawu ena amene anaiwala kuwaveka chipewa, ndipo maso awo sangathenso kuwasaka. Ndinawauza kuti kompyuta imatha kusaka chilembo n'kuchisintha m'buku lonse kamodzin'kamodzi. Ndinailamula kuti w aliyense avale chipewa. (Inde, aliyense. Inandifunsanso ngati ndatsimikiza.) Kenako ndinasunga fayilo, n'kuitseka, n'kuitsegulanso kuti aone okha ukatswiri wanga.

Anavala magalasi, n'kuwerenga mzere woyamba mokweza, pang'onopang'ono: "Ine ndi bŵana ŵanga tinafika ku Lilongŵe pa lole."

Anavula magalasiwo.

"Bambo a Tadala, ine Lilongwe ndinamupeza alibe msewu, alibe magetsi. Koma chipewa sanavalepo."

Ndinati ndizivula zonse nthawi yomweyo. Amama, amene sanagwirepo kompyuta, ndiwo anafunsa ngati sindivulanso ndi zoyenera zomwe, zija Adada anaika okha kwa zaka zinayi. Anali kunena zoona. Kubwerera m'mbuyo kunali kosatheka poti fayilo ndinali nditaitseka, ndipo kope lina kunalibe.

Mutu woyamba tinaukonza pamanja madzulo omwewo, Adada akutchula mawu, ine ndikuvula. Mawa lake anawerengera anzawo aja pakhonde, zonse n'kuyenda bwino mpaka mkulu wina wa ku Karonga, amene ankatsatira ndi chala pa kope lake, anakweza dzanja.

"Tsamba lachinayi. Kodi mtsinje wa Lilongŵe ndi uti? Ife tinawoloka wina."

"Afunseni a injiniya," anatero Adada, akuloza ine ndi chibwano. Ndinali nditanyamula thireyi ya makapu, ndiye pothawira panalibe.

Mitu yotsalayo inanditengera Maloweruka asanu ndi awiri. Lero ndikudziwa dzina la dalaivala aliyense amene ananyamula makabati a boma kuchoka ku Zomba, ndi kabati imene inagwera m'ngalande ku Ntcheu. Ndinalonjeza mumtima kuti mawu akuti "sindikudziwa" ndiziwagwiritsa ntchito pafupipafupi.

Lamlungu lapitali abusa analengeza kuti makina oonetsera nyimbo pakhoma akuzimazima, ndipo anafunsa ngati mumpingo muli wodziwa zamakina. Mkazi wanga anandigwira dzanja lamanja mwamphamvu ndithu. Ndinakweza lamanzere.