Moni Kaye, Chibakera Pambuyo

Tcherani khutu, inu mibadwo ya mafoni ong'aluka galasi, inu amene munabadwa matchaja atayamba kale kusowa m'nyumba, pakuti ndikufuna ndikambe za masiku aakulu aja pamene mabatire a rimoti ankalumidwa ndi mano kuti atsitsimuke, pamene ulemerero wa munthu unkaonekera pa mbali ya sofa imene amakhala, ndipo m'nyumba ina ya zipinda ziwiri, yoyang'anana ndi malo otsukira magalimoto, munabuka nkhondo imene ngakhale makatani akuikumbukabe.

M'nyumbamo munkalamulira Namwino, Mkuntho wa mu Wodi, Wazala Zosaphonya Mtsempha, iye amene akangotsokomola, odwala onamizira amachira okha. Sabata yonse mayiyu ankameza mawu: a madokotala, a odikirira odwala, ndi a anthu aja obwera kuchipatala atadzipima kale pafoni. Koma likafika Loweruka masana ankavula nsapato zoyera, n'kukhala pakati pa sofa, n'kunyamula padi, kachipangizo ka mabatani kowongolera gemu, ndipo zonse zimene anameza zija zinkatulukira m'zala.

Gemuyo inali ya ngwazi ina ya chigoba kumaso ndi nsalu yakuda kumsana, yodumpha madenga mumzinda wa mvula yosakata, kusaka chigawenga chobisala pamwamba pa nyumba yosanja. Dzina lake lenileni linkapota lilime, choncho pakhomopo ankangoti Chinsalu. Kuti afike kwa chigawengacho, Chinsalu ankayenera kudutsa alonda osawerengeka, mwina powazemba mumdima, mwina powalowa ndi zibakera. Namwino ankakonda kusakaniza: kunyang'ama mwakachetechete mpaka kumbuyo kwa mlonda, kenaka pakhosi gwi, munthu pansi khu, iye mtima myaa.

Koma mtendere sukhalitsa pamene pali sofa imodzi. M'masiku amenewo m'nyumbamo munafika bambo a mwamuna wake, a Tochi, Mkango wa pa Geti, Diso Losaphethira, iwo amene anamerera imvi akulondera fakitale ya matayala popanda kusowetsa ngakhale valavu. Anali atachitidwa opaleshoni ya bondo, ndipo dokotala analamula kuti asayende ulendo mpaka ulusi utachotsedwa. Bala lawolo ankalitsuka m'mawa uliwonse ndi Namwino yemweyo, ndi manja ofewa oti simungakhulupirire kuti ndi omwe aja a Loweruka. A Tochi anabwera ndi chikwama, ndodo, chijasi cha kuntchito, ndi kherere wa pakhosi amene anakana kubweza tsiku limene anapuma pa ntchito.

Loweruka limenelo anakhala kumapeto kwa sofa, mwendo uli pa kampando, n'kumayang'ana tivi mwaulemu wa mlendo. Anaona Chinsalu akutsetsereka pakhoma. Anaona munthu wa yunifolomu ataima pa geti ndi tochi m'manja, mvula ikumuthera pamutu, ndipo anamugwedezera mutu ngati mnzawo. Kenaka anaona gwi, anaona khu.

“Apongozi,” anatero a Tochi, mawu ali pansipansi, “ameneyo walakwanji?”

“Ndani, bambo?”

“Wa yunifolomuyo.”

“Ndi mlonda wa chigawenga, bambo.”

“Ndafunsa kuti walakwanji. Iye anamulemba ntchito yoima pa geti. Za abwana ake akuzidziwa? Ine ndinkadziwa zimene ankachita abwana anga mu ofesi?”

“Si munthu weniweni, bambo, ndi zojambula chabe,” anayankha Namwino akumwetulira, uku zala zake zikugwetsa mlonda wachiwiri m'thanki ya madzi.

Apo m'pamene mapiri anadzuka pachigwa. A Tochi anatsamira ndodo, n'kuima ndi mwendo umodzi, chijasi chili lendee paphewa, ndipo analankhula mawu amene otsuka magalimoto kutsidya kwa msewu anasiya mapaipi kuti amve.

“Imvani, inu makoma! Imva iwe kabati, ndi matambula ako osamwera munthu! Ine ndaima pa geti mvula ikugwa, udzudzu ukundiyesa chakudya cha ulere, agalu a eni ake akudya bwino kuposa ine. Lero ndakalamba, ndabwera kwa mwana wanga kudzachira, ndipo ndikupeza kuti pakhomo pano kupotokola alonda makosi ndiye chisangalalo cha Loweruka! Ameneyo ali ndi ana! Mwina sanadyenso!”

Namwino anagwira pakamwa kuti aoneke ngati akutsokomola, koma mapewa anamuulula. A Tochi anaona. Anakhala pansi, ndipo nkhondo inalowa gawo lachiwiri.

Chinsalu atangoyamba kunyang'amira mlonda wachitatu pamwamba pa denga, kherere analira kuti pyee! mpaka supuni zinanjenjemera m'kabati.

“Kumbuyo kwako, mphwanga! Cheuka!”

Mlonda wa mu tivi sanamve, koma Namwino anadzidzimuka, chala chinaterereka, ndipo Chinsalu, Mwini Madenga, Woopedwa ndi Mdima Womwe, anaponda mphepo n'kugwa chamutu m'galimoto ya zinyalala. A Tochi anaseka chikhakhali mpaka bondo linawakumbutsa. Namwino anayambiranso, kherere analiranso, Chinsalu anagweranso m'zinyalala momwemo. Mayi anakukuta mano, n'kunena mwaulemu wonse kuti akukaona ketulo. Pobwerako anapeza padi palibe, ndipo thumba la chijasi cha apongozi ake litatupa mokayikitsa.

Tsono m'nyumbamo munalinso munthu wachitatu, mwamuna wa Namwino, mwana wa a Tochi, mphunzitsi wa Chingerezi, amene nkhondo itangoyamba anapita kuchipinda kukachonga makope amene anali atachonga kale dzulo lake. Mbiri imamutchula kuti Kazembe, ena amati chifukwa ankanyamula mauthenga pakati pa maufumu awiri, koma ife omudziwa timati chifukwa cha kuzemba. Njovu ziwirizo zinamuitana nthawi imodzi, ndipo udzu unatuluka m'chipinda utanyamula cholembera chofiira.

Kukhitchini Namwino anamuuza monong'ona mokweza kuti: “Kawauze bambo ako andibwezere padi yanga. Sabata yonse ndimapirira anthu, pano ndipiriranso alonda a mu tivi?”

Kazembe anafika pabalaza n'kuti: “Bambo, akuti tiyi wanu athire shuga wochuluka bwanji?”

“Kawauze,” anabangula a Tochi, “kuti chida ichi ndalanda, monga ndinkalandira zikwanje pa geti.”

Kazembe anafika kukhitchini n'kuti: “Akuti masupuni awiri.”

Koma khitchini ndi balaza zinalekana ndi katani yokha, ndipo mbali zonse ziwiri zinamva zonse. Ukazembe unathera pomwepo. A Tochi anadzikoka kupita kuchipinda, ndipo posakhalitsa kunamveka mawu amene anaziziritsa nyumba yonse: zipi ya chikwama. Anatuluka chipewa chili kumutu, chikwama chili kudzanja.

“Ndapita kwathu. Sindingagone m'nyumba imene mlonda ndi chidole.”

Apa kuseka kunathawa pankhope ya Namwino. Ankadziwa msewu wa kwawo kwa apongozi ake, wa mabampu ogwedeza mano, ndipo ankadziwa chimene basi yodzaza ingachite ndi bondo losokedwa kumene. Ankadziwanso kuti kumeneko kulibe amene angatsuke balalo. Mantha anamugwira, ndipo anaima pakhomo.

“Bambo, ulusi sunachoke. Mukakwera basi bala litseguka. Chonde khalani pansi.”

“Litseguke.”

“Bambo, n'zoseweretsa chabe izi.”

A Tochi analoza tivi ndi ndodo. Gemu inali itaima, alonda angapo ali chilili pabwalo.

“Tayang'anani nkhope zawo, apongozi.”

Namwino anayang'ana. Anali asanaziyang'anepo.

“Nkhope imodzi,” anatero a Tochi, ndipo ulendo uno sanakweze mawu. “Onsewo nkhope imodzi. Wojambulayo sanalakwitse ayi. Ine zaka zonse zija anthu ankadutsa pa geti langa m'mawa ndi madzulo, galasi la galimoto osatsitsa. Tsiku limene ndinapuma pa ntchito abwana anagwira chanza mnzanga, n'kumuthokoza pomutchula dzina langa.”

Kazembe anayang'ana cholembera chake. Namwino anamva manyazi mpaka kumapazi, koma poti anali msilikali wa nkhondo zambiri za mu wodi, anadziwa kuti wodwala wamakani sutsutsana naye, umamupatsa ntchito.

“Ndiye tichite chonchi, bambo. Padi muli nayo ndinu. Mudutsitseni Chinsalu pa getilo osakhudza mlonda ngakhale mmodzi, ine ndiphunzire. Mukatha, ndikuperekezani ndekha kukakwera basi.”

A Tochi anaganiza, n'kuika chikwama pansi, koma pafupi. Anatulutsa padi m'thumba n'kuigwira ngati akugwira mwana wa eni. Namwino anawaonetsa koyendetsera. Chinsalu anayamba ndi kuwomba khoma, kenaka anazungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa. Kenaka chala chachikulu cha a Tochi chinadina batani lobisalira, ndipo ngwaziyo inatsika n'kunyonyomala kumbuyo kwa mlonda.

“Ehee! Mwaona? Wagwada! Akakhala m'manja mwa munthu wamkulu, ulemu amaudziwa mnyamatayu.”

Chogwada chomwecho Chinsalu anakwawa pabwalo lonse, a Tochi akupereka moni kwa mlonda aliyense amene ankamudutsa: “Zikomo achimwene, tadutsa nawo. Pepani ndi mvulayi.” Geti linali pafupi, chipambano chinali kununkhira, ndipo Namwino anayamba kuyang'ana chikwama chija ndi nkhawa. Koma tsoka sasimba: phazi la Chinsalu linagunda botolo, botolo linagubuduka n'kusweka kuti phwaa.

Mlonda wa pa geti anatembenuka. Anawalitsa tochi. Kuwalako kunagwera pa Chinsalu yense, chigoba, nsalu ndi nsapato zomwe. A Tochi anafufuma chifuwa ndi kunyada.

“Wamuona! Ameneyo ndiye mlonda! Liza kherere, mwana wanga!”

Mlondayo anayang'ana kanthawi, n'kuyankhula mawu angapo m'Chingerezi, n'kuzimitsa tochi, n'kutembenukira kukhoma.

“Wati chiyani?” anafunsa a Tochi.

Ndipo Kazembe, amene tsiku lonse sananene choona ngakhale chimodzi, anasankha nthawi imeneyi kuti alape.

“Akuti, ‘Aa, ndi mphepo chabe.’”

“Wati chiyani?”

“Mphepo, bambo.”

“Mphepo? Mphepo imavala nsapato? Mphepo imagwada? Botolo lasweka pamaso pako, chimunthu chili apo ngati wadirobu, iwe ukuti mphepo? Anakulemba ntchito ndani? Anthu ngati iwe ndi amene munatinyozetsa!”

Olemba mbiri amasiyana pa batani limene linadinidwa poyamba, koma onse amavomereza kuti a Tochi anawadina onse, ndi zala zonse, ndi chikhatho chomwe. Chinsalu anadzuka pamene anagwada paja ngati walumidwa ndi linthumbu. Chibakera choyamba chinaulutsa mlonda wa mphepo uja pamwamba pa geti. Anzake anathamangira pomwepo, ndipo Mkango wa pa Geti unawalandira mmodzimmodzi, uku ukuwafunsa mafunso a ntchito: “Iwe unali kuti botolo likusweka? Iwe tochi yako ilibe mabatire? Iwe ukuyenda manja m'thumba?” Namwino anali ataimirira pa sofa akukuwa kuti, “Kumanzere, bambo! Wa chibongayo!” Kazembe, posowa chochita, anavula kherere pakhosi pa bambo ake n'kuyamba kuliza.

Fumbi litatsika, pabwalo panalibe woima kupatula Chinsalu, nsalu yake ikupepeluka. A Tochi anapuma mwawefuwefu, chipewa chili pansi. Anayang'ana alonda ali ngundangunda, anayang'ana manja awo, kenaka anayang'ana mpongozi wawo chammbali.

“Amenewa,” anatero mwaulemerero, “ndawachotsa ntchito.”

Namwino anaseka mpaka anakhala pansi pa simenti, ndipo ali pansi pomwepo anakoka mwendo wa apongozi ake n'kuyang'ana bandeji. Ulusi unali bwinobwino. Ndi phazi lake anakankhira chikwama chija kuseri kwa sofa, ndipo mwini wake anaona koma anayang'ana kudenga.

Pangano la mtendere linamangidwa madzulo omwewo dzuwa lisanalowe, pa tebulo la pabalaza, mboni zake ketulo ndi buledi. Anagwirizana kuti a Tochi sachoka mpaka ulusi utachoka, ndiponso mpaka chigawenga cha pamwamba chija chitagwidwa, poti tsopano anali ndi mafunso oti akachifunse pa nkhani ya kalembedwe ka alonda. Anagwirizananso kuti Namwino ali ndi ufulu womenya mlonda aliyense, koma Chinsalu azigwada kaye, ndipo wogwira padi azipereka moni mokweza chibakera chisanatuluke. Kazembe analetsedwa kumasulira chilichonse mpaka kalekale. Pokondwerera, matambula a m'kabati aja anatsitsidwa koyamba chigulireni, anamweramo tiyi, ndipo padi inavekedwa chipewa cha a Tochi n'kuzunguliridwa nayo sofa, kherere akulira, otsuka magalimoto akuwomba m'manja kutsidya osadziwa kuti wapambana ndani.

Lolemba m'mawa Namwino anafika pa geti la chipatala, pamene ankadutsa zaka zonse akuyang'ana foni. Tsiku limenelo anaima. Mlonda wa pamenepo anali wamtali, wa kachipsera pachibwano, ndipo kolala ya yunifolomu yake inali yosokedwa ndi ulusi wosiyana mtundu.

“Mwadzuka bwanji, bambo?” anatero Namwino.

Mlondayo anacheuka kuti aone amene akupatsidwa moniyo. Kumbuyo kwake kunali geti lokha.