Ndevu zimene ndinabisira mkamwini

Uthenga unandipeza ndili pa mkeka ku Al Muntazah, kuno kudziko la Aluya. Mwana wanga Asiyatu analowa akuthamanga, foni ili m'manja: "Amayi, achipatala avomera! Ng'ala ija akuichotsa!" Ine nthungululu, ine kuvina, ine kugunda fani mpaka pansi khu! Ndikanadziwa, nthungululu zina ndikanasunga.

Tsiku lokasankha kagalasi koika m'kati mwa diso, Asiyatu anamukaniza ofu kuntchito ku Msheireb. Wondiperekeza anakhala mwamuna wake, Che Saidi. Mkamwini, anthuni! Kwathu ku Machinga tikakumana pa njira wina amapatukira kutchire. Lero ndiye wondimasulira, mpando wake kukhudzana ndi wanga.

Dokotala analankhula, Che Saidi namasulira akuyang'ana nsapato zawo. Kagalasi kena nkoonera patali pokha. Kena patali mpaka pomwe mkono umathera. Kena kamafika pafupi penipeni, koma magetsi amaoneka ngati avala mphete.

"Akufunsa ngati mumawerenga."

"Auzeni ayi." (Sukulu ine ndinangoiona denga.)

"Nanga kusoka?"

"Ndinasiya kale."

"Akuti palibe kantchito kalikonse ka pafupi ndi maso?"

Kanalipo. Pachibwano panga pamamera ndevu zitatu, zouma ngati waya. Chiyambireni ng'ala ndinkazizula mopapasa, ndipo maso ndinkawafunira zimenezo. Koma mawu akuti ndevu atuluke m'kamwa mwanga, alowe m'khutu la mkamwini? Bola khungu.

"Palibe," ndinatero, nkukokera mpango kukamwa.

"Khalasi," anatero dokotala, kutanthauza kuti basi yatha, nalemba kapakati kaja.

Atandimasula bandeji, ayi ndithu ndinaona! Ndinaona nyumba zokanda mitambo, ndinaona nkhunda pa waya, ndinaona kuti buluzi amene ndinkamuopa pakhoma anali ming'alu chabe. Ndinaimba njira yonse, mpaka dalaivala wa takisi anazimitsa wailesi.

Kufika kunyumba, ndinalowa kubafa. Galasi lili apo, ine apa, mkono umodzi pakati. Mayo ine! Zitatu zake ziti? Munda! Zala zinkandinamiza. Ndinayandikira kuti ndizule, zonse zii, nkhungu yokha. Ndikabwerera m'mbuyo, izo zandipatsa moni. Ndikayandikira, zathawa. Ndinavina chioda ndi galasi mpaka Asiyatu anagogoda: "Amayi, mwagwa?"

M'mawa mwake ndinapeza kaphukusi pa mkeka wanga. M'kati magalasi owerengera (ine, owerengera!) ndi kapani kozulira tsitsi.

"Asiyatu, wagula ndiwe?"

"Ayi, ndi akamwini anu. Akuti adafunsa dokotala tsiku lomwe lija, inu mutatuluka."

"Adafunsa chiyani?"

Mwanayo anangoluma mpango, mapewa akugwedezeka.

Ndiye kuti miyezi yonseyi wakhungu ndinali ine ndekha. Munthu ankalima ndi maso munda wanga tsiku ndi tsiku, osatsokomola nkomwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ine ndinakhalira chitsekocho. Diso lachiwiri akupanga mwezi wamawa, ndipo akandifunsanso pamaso pa Che Saidi, ndidzati palibe.

Lachisanu, chibwano chili see, anabwera kudzasangalala nane: Abiti Jafali a ku Al Nasr, Patuma ndi mng'ono wake Mariamu, Che Yusufu alonda, Amake Tisa a ku Chipata, Anganga Hawa ndi ndodo yawo, Asiyatu wanga, ndi Che Saidi, kukhomo uko, akuyang'ana nsapato.