Mizere Isanu ya Anísio

Inu, munthu wangwiro kungopita ku Lichinga miyezi isanu ndi umodzi basi, akabwere akuyenda ngati nthaka ya ku Metangula ikumudetsa nsapato. Ndi mmene anabwerera Anísio Bernardo, satifiketi ya zamakompyuta ili m'pulasitiki, n'kupeza ntchito yoyeserera pa kasukulu kena kophunzitsa makompyuta kuseri kwa msika. A Diretori a sukuluyo, a Chabane, anamuuza poyera: "Mayeso a Lachisanu akayenda bwino, ntchito ndi yako. Zikavuta, chapa cha ku Lichinga, kaminibasi kaja, umachidziwa pokwerera."

Tsono pasukulupo kompyuta yeniyeni yamphamvu inali imodzi. M'mimba mwake munali timakompyuta tongoyerekeza khumi ndi tiwiri, wophunzira aliyense kake, kalikonse ndi disiki yake yongoyerekeza. Disiki yotereyi ili ngati thumba lopinda: lero ikuoneka yaing'ono, koma imafufuma ukamaikamo zinthu. Ndiye panali pulogalamu yoyeza kuti disiki iliyonse ipatsidwe malo ochuluka bwanji. Anailemba ndi a Dona Clotilde Filipo, amene anapuma ntchito n'kukayamba kuyanika usipa ku Lunho.

Anísio ataitsegula anagwira kumutu.

"Epa! Mizere mazana awiri kungoyeza disiki? Amayi amenewa ankalemba pulogalamu kapena kalata yodandaula?"

Gisela, mphunzitsi wa kutayipa, sanatukule n'komwe maso. "Zaka zisanu ndi zitatu sinayetsemuleko. Isiye."

"Sindikusintha kanthu, mana Gisela. Ndikungokonza maonekedwe. Ntchito yake ikhala yomweyo."

Mawu amenewotu, abale, akamveka m'chipinda cha makompyuta, inu ingotolani zanu muzipita.

Katswiri wathu anadula, nadula, nadulanso. M'pulogalamumo, pamene a Dona ankafunsa kuti disikiyi ndi yamtundu wanji, iye anati n'kutaya nthawi. Pamene ankawerenga kukula kumene disiki idzafike ikadzadza, iye anati n'kukayikira zinthu kwa anthu okalamba. Anangolemba kuti: yeza fayilo mmene ilili lero, pereka malo omwewo, pronto, zatha. Mizere isanu! Anaijambula pafoni n'kutumizira anzake a ku Lichinga.

Lachitatu ophunzira anabwera kudzayeserera. Pasanathe theka la ola, Muzna, mayi wogulitsa nsalu za makapulana amene ankaphunzira m'mawa, anakweza dzanja.

"Shefe, ikuti malo atha."

"Mwasunga chiyani?"

"Dzina langa."

Wachiwiri nayenso, wachitatu chimodzimodzi. Madisiki onse anali atapatsidwa malo ongokwanira mmene analili opinda. Anísio thukuta kamukamu, koma kunyada sikunamuchoke. Kubwezeretsa pulogalamu ya a Dona? Aa, pamaso pa Gisela? Zosatheka.

"Ndi kavuto kakang'ono. Ndingochulukitsa nambala."

Anachulukitsa ndi chikwi, poganiza kuti akuwerenga mamega, pomwe anali kale pa magiga, muyezo woposa mamega kachikwi. Lachinayi m'mawa pulogalamu inamvera mokhulupirika: disiki yoyamba yokha inafuna malo oposa kompyuta yonse. Chimakinacho chinalira ngati injini ya boti lodzaza, kenako zii. Ngakhale muvi wa mawusi unakana kusuntha.

Apa mnyamata anachita mantha enieni. Kuti apeze mpata, anayamba kufufuta madisiki amene ankaoneka opanda ntchito. Anafufuta atatu. Kompyuta inapumako, koma pulogalamu inali yopengabe.

A Chabane analowa, nayang'ana, natuluka kukaimbira foni a Dona Clotilde. Madzulo ake tinangoona njinga yamoto ikuima pakhomo, a Dona Clotilde akutsika, fumbi la msewu wa ku Lunho lili mpaka m'nsidze, fungo la usipa lili patsogolo.

Anakhala pampando n'kuwerenga mizere isanu ija. Sizinatenge nthawi, chifukwatu inali isanu.

"Yokongola, mwanangu. Zoona yokongola. Imagwira ntchito?"

"Pang'ono, amayi."

"Chabwino. Bweretsa yakale ija tiibwezeretse. Unaisunga, eti?"

Nkhope ya Anísio inawala koyamba sabata imeneyo. "Ndinaisunga, amayi! Ku Lichinga anatiphunzitsa zimenezo tsiku loyamba."

"Kuti?"

"Mu disiki nambala seveni."

Gisela anatsokomola. "Ija wafufuta m'mawa ija?"

A Dona anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kapulana. A Chabane, amene anali ataima pakhomo, sanaseke, anali atayamba kale kufunsa kuti chapa cha m'mawa chimanyamuka nthawi yanji.

"Musamuthamangitse, a Diretori," anatero a Dona. "Maso angawa atopa, ndipo zala zanga zazolowera nsomba. Pulogalamuyo ili m'mutu mwangamu. Ine ndizinena, iye azilemba. Akasintha ngakhale kadontho, mumukweze chapacho."

Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa, ophunzira atadzaza pawindo, katswiri wa ku Lichinga akutayipa mzere uliwonse umene anaunyoza, n'kumayankha kuti "Inde amayi." Anaiyesa pa madisiki onse, ndipo iliyonse inalandira malo ake ndendende. Mayeso anapulumuka, ntchito nayo inapulumuka.

A Dona ataimirira kuti azipita, anabwereranso.

"Watsala mzere umodzi. Pamwamba penipeni. Lemba kuti: pulogalamu iyi aliyense akhoza kuikonza, kupatula Anísio Bernardo."

Anayang'ana a Chabane. A Chabane anayang'ana kudenga.

Analemba, inu, ndi zala zake zomwe.